Foni yotumiza kumudzi: kodi mwana waulumali asewera nawo?

Ambirife tikalandira malipiro timathamangira m'mashopu a ku Al Rigga ndi ku Naif kukagula foni zotumiza kumudzi. Timafunsa za kamera ndi batire basi. Koma ngati pakhomo pali mwana wosaona, wosamva kapena wofooka manja, dzifunseninso kuti: kodi asewera nawo magemu, kapena azingokhala pambali kumvera anzake akuseka?

Mwayi wake, zambiri zothandiza zili kale m'foni momwemo, zaulere.

Kwa wosaona, foni za Android zili ndi TalkBack, pamene iPhone ili ndi VoiceOver kuyambira 2009. Foni imawerenga mokweza chimene chala chakhudza. Vuto n'lakuti magemu ambiri amawapanga ngati chithunzi chokhachokha, ndiye foni imasowa chowerenga. Magemu a mawu, a mafunso ndi ena a makadi ndiwo kawirikawiri amamveka bwino. Yesani musanalipire.

Kwa wosamva, sankhani gemu yolemba pa sikirini zonse zimene zikunenedwa, komanso yonjenjemeretsa foni pochenjeza m'malo mongoliza belu.

Kwa amene manja ndi ofooka kapena anafa ziwalo mbali imodzi, funani gemu yoseweredwa ndi chala chimodzi, ya mabatani akuluakulu, yosathamangitsa munthu ndi nthawi. Switch Access pa Android imalola kulumikiza batani lapadera limene munthu angadine ndi chigongono, phazi kapena mutu.

Enanso sasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira, makamaka amuna. Gemu yabwino imaika chizindikiro pa mtundu uliwonse.

Monga namwino, nditsindike za khunyu. Mwa anthu ena odwala khunyu, kuwala kothwanima mofulumira kumayambitsa kugwa. Mu 1997 ku Japan ana oposa 600 anathamangira nawo kuchipatala ataonera katuni ya Pokémon pa TV. Ngati mwana amagwa, zimitsani zothwanima, asasewere mumdima kapena ali ndi tulo, ndipo funsani kuchipatala.

Kuno ku UAE, kuyambira 2017 boma limatcha anthu aulumali People of Determination, kutanthauza anthu olimba mtima. Kwathu ku Malawi lamulo latsopano loteteza ufulu wawo linabwera mu 2024. Koma lamulo silingakutsegulireni Settings, abale. Tsegulani nokha pa Accessibility musanaike foni m'katoni, kenako muimbe foni n'kuwaonetsa akunyumba mmene zimayendera. Mwiniwakeyo mumufunse gemu imene akufuna, osamusankhira.