Nchito ya Jakobo

Anzanga, tsiku lija tinali kugawana mbali za sewero lathu la kumapeto kwa chaka, anyamata asanu analimbirana mbali imodzi, ya chitsiru choseketsa anthu. Mbali ya mkulu wache, amene nchito yache ndi kumdzudzula basi, inasowa mwini kufikira aphunzitsi anachita kuloza munthu ndi chala. Munthuyo ndinali ine. Ndinanyinyirika masiku awiri, koma kunyinyirikako kunandikumbutsa za malemu Bambo Eric Mabedi, ndipo ndifuna ndikuuzenikoni.

Ambiri tiwadziwa ndi dzina la Jakobo. Iwo ndi mnzao John Nyanga, amene anali Izeki, anaseketsa dziko lino zaka zambiri, pa wailesi ya MBC, pa mabwalo a zisudzo, ndiponso pa wailesi ya kanema imene inayamba m'chaka cha 1999. Ife tinabadwa mochedwa, tingowaonera pa foni, koma funsani makolo kwathu kuno kwa Tengani, mudzaona akuyamba kuseka asanayankhe.

Tsono taonani m'mene nthabwala zao zinali kuyendera. Izeki ndiye anali wa mau okhota, womva zinthu chamutu-pansi. Jakobo anali ngati munthu wa nzeru zache, wofuna kulongosola nkhani. Iye afunsa, Izeki ayankha zosayenera. Iye akonza, Izeki aonjeza kupotoza. Potsiriza Jakobo apsa mtima, anthu nagwa nalo phwete. Oonera aganiza kuti waseketsa ndi Izeki yekha. Koma tachotsani funso lija, tachotsani nkhope yodabwa ija, muone ngati kupusako kudzakhala ndi potsamira. Ndiponso pali kudikira. Jakobo akafulumira kulankhula anthu ali mkati moseka, mau ache atayika. Akachedwa, moto wazima. Ife a m'mbali mwa Shire tidziwa kuti m'bwato maso a anthu a pa dooko ali pa uja wa kutsogolo, koma woongola ali kumbuyo.

Chimene ambiri aiwala ndi chakuti Bambo Mabedi sanali wa nthabwala zokha ai. Anali m'gulu la Kwathu Drama Group la ku Blantyre, ndipo pambuyo pache anakhala mtsogoleri wache. Masiku amenewo zisudzo zochitidwa ulemu zinali za Chingerezi, monga za mpikisano wa ATEM m'masukulu a sekondale, ndi za Du Chisiza Jr, amene anayambitsa Wakhumbata Ensemble Theatre m'chaka cha 1987. A Kwathu iwo anagwiritsa Chichewa. Anali kudzaza bwalo la French Cultural Centre ndi kuyendanso m'maboma ena, kuonetsa masewero atali-atali a nkhani za m'banja, za ndalama ndi za matenda. M'menemo munthu yemwe uja woseketsa anali kusanduka bambo wa pa khomo kapena mkulu wouma mtima. Apa mpamene pali povuta kweni-kweni, pakuti anthu amene anazolowera kukuseka ayamba kuseka ungotulukira, ndipo uyenera kuwatontholetsa ndi mau ako okha kuti amve chisoni cha nkhaniyo. Ine ndiyesa kuti nchito imeneyi iposa ija yoseketsa.

Izeki anamwalira m'chaka cha 2016. Ena akadayesa kuti Jakobo wathera pomwepo, monga achitira mpeni woguluka chigumbu. Koma popeza anali ndi luso la mbali ziwiri, anapitirira ndi a Kwathu kufikira imfa yache mu August 2021, ku Blantyre.

Tsopano mbali ija ndinailandira, ndipo ndapeza kuti siiri yapafupi. Dzulo madzulo poyeserera m'chipinda chodyera, thukuta liri kamu-kamu ndi kutentha kwathu kuno, mnzanga wa Folomu 2 anatembenuza maso ache mwa njira ina, ine ndinaphulika kuseka pakati pa mau anga. Aphunzitsi anatibweza katatu. Anandiuza kuti ndikadzaseka pa tsikulo, oonera sadzaseka, chifukwa ndidzakhala nditawadyera chakudya chao. Kwatsala masabata atatu, ndipo ndiri kuphunzira kuluma lilime.