Munda umene ogula amalipiriratu mbewu zisanafesedwe

M'mwezi wa Januwale minda ya m'chigawo cha Massachusetts, m'dziko la America, imakhala itakutidwa ndi chipale chofewa, ndipo nthaka imauma gwa chifukwa cha kuzizira moti khasu silingalowe. Komatu imeneyi ndiyo nyengo imene alimi ena a ndiwo zamasamba kumeneko amagulitsa zokolola zawo. Sagulitsa kabichi kapena tomato wooneka ndi maso, koma gawo la zimene munda udzatulutse m'chakacho. Banja lofuna kudya za m'mundamo limalipiriratu, ndipo kuyambira mu Juni mpaka cha mu Okutobala kapena Novembala limakatenga ndiwo zake sabata iliyonse. Pa Chingerezi ndondomekoyi imatchedwa Community Supported Agriculture, mwachidule CSA, kutanthauza ulimi wochirikizidwa ndi anthu a m'dera.

Umodzi mwa minda iwiri imene inayambitsa ulimi umenewu ku America ndi Indian Line Farm, munda wa maekala 17 m'dera la South Egremont. Mwini wake anali mayi Robyn Van En. M'chaka cha 1985 mayiyu anagwirizana ndi Jan Vander Tuin, yemwe anali ataona ulimi woterewu ku Switzerland, pamodzi ndi anzawo ena, ndipo anayamba ndi kugulitsa magawo a maapozi. Ndiwo zamasamba zinabwera mu 1986. Chaka chomwecho ku New Hampshire kunayambanso munda wa Temple-Wilton Community Farm, kumene mamembala amaonetsedwa ndalama zonse zofunika pa chaka, aliyense n'kulonjeza zimene angakwanitse. Ku Japan mgwirizano wofanana ndi umenewu, wotchedwa teikei, unali utafala kale m'zaka za m'ma 1970 pamene amayi a m'matauni ankada nkhawa ndi mankhwala othiridwa m'mbewu. Pofika mu 2007, kalembera wa zaulimi ku America anapeza minda 12,549 yogulitsa zokolola m'njira ya CSA.

Phindu loyamba kwa mlimi n'lodziwikiratu. Ndalama zimafika pamene akuzifuna kwambiri, pogula mbewu, manyowa ndi zipangizo, popanda kupita kukakongola. Chachiwiri, amafesa akudziwa kale pakamwa pamene zokolola zake zidzathere, kotero sakhala pamsika dzuwa likulowa n'kumatsitsa mtengo poopa kuti tomato awola.

Ntchito imayamba cha mu Malichi m'nyumba zapulasitiki zofunditsidwa, m'mene amafesera anyezi, kabichi, letesi, kenako tomato ndi tsabola. Mbewu zosapirira kuzizira sizituluka panja mpaka chakumapeto kwa Meyi, chifukwa chisanu cha usiku umodzi chikhoza kupsereza mbande zonse. Apa ndi pamene luso la mlimi wa CSA limasiyana ndi la mlimi wa mbewu imodzi. Iye ayenera kudzaza dengu la banja lililonse kwa masabata pafupifupi 20 otsatizana, choncho amalima mitundu yambirimbiri ya ndiwo ndipo zina, monga letesi, nyemba ndi karoti, amazifesa mobwerezabwereza pakangopita masabata awiri kapena atatu. Akaphonya kufesa kumodzi, dengu la miyezi iwiri kutsogolo lidzapepuka ndipo mamembala adzaona.

Madengu a mu Juni amakhala a masamba: letesi, sipinachi, nsawawa ndi timaphesi tanthete ta adyo. Timaphesi timeneti alimi amatidula kuti mphamvu ipite kumutu wa adyoyo pansi, ndipo m'malo motitaya amatipereka kwa mamembala, amene amatikazinga kapena kutisinja pamodzi ndi mafuta ndi mchere. Mu Julayi mumabwera nkhaka, nyemba zaziwisi ndi timaungu tatitali totchedwa zucchini, timene timakula msanga moti tikaiwalika masiku ochepa timafika pamsinkhu wa mkono. Ogasiti ndi mwezi wa tomato, tsabola, mabiringanya ndi chimanga chachiwisi chotsekemera. Kenako dengu limalemera ndi maungu, mbatatesi, karoti, bitiruti ndi kabichi.

Vuto lalikulu la ndondomekoyi nthawi zambiri silikhala kumunda koma kukhitchini. Membala sasankha monga achitira m'sitolo, amadya zimene nthaka yapereka sabata imeneyo. Munthu amene wazolowera kugula tomato chaka chonse amadabwa kuuzidwa kuti adikire mpaka Ogasiti, ndiyeno n'kulandira wochuluka kuposa amene banja lake lingamalize. Ena amapeza m'dengu masamba amene sanawaphikepo chibadwire. Ambiri mwa amene amasiya umembala amadandaula za zimenezi: kusowa mwayi wosankha, ndi chisoni choona ndiwo zimene analipira zikuwolera m'firiji. N'chifukwa chake minda yambiri imalemba kakalata ka sabata ndi sabata kofotokoza zimene zili m'dengu, kasungidwe kake ndi kaphikidwe kake. Mlimi amene amanyozera kakalata kameneka amataya makasitomala ngakhale mbewu zake zikhale zabwino chotani.

Mabanja amene akhalitsa amaphunzira kusunga. Tomato amamuphika n'kumutsekera m'mabotolo agalasi owiritsidwa m'madzi otentha. Nkhaka amaziviika mu viniga ndi mchere. Kabichi amamuduladula, kumuthira mchere, n'kumupanikiza m'mtsuko kuti asase kwa masabata angapo. Cholinga chake n'chimodzimodzi ndi cha mfutso wa kwathu kuno, kuti chochuluka cha lero chidzadyedwe m'nyengo yosowa, kungoti iwo sadalira dzuwa kwenikweni. Mayi wodziwa kuphika nkhwani wotendera akhoza kugwira pakamwa ataona masamba a maungu akungofota m'minda imeneyi, pakuti mabanja ambiri kumeneko sawadya. Chisanu choyamba cha mu Okutobala chimapha tomato ndi tsabola, koma karoti ndi masamba a mtundu wa repu zimatsekemera, chifukwa mbewuzo zimachulukitsa shuga podziteteza ku kuzizira. Mwezi womwewo adyo wa chaka chamawa amadzalidwa n'kufunditsidwa ndi udzu, ndipo adzazulidwa mu Julayi.

Mgwirizanowu umayesedwa kwenikweni m'chaka choipa, chifukwa membala amagula gawo la zokolola pamodzi ndi gawo la tsoka. Mu 2009, m'nyengo yamvula yambiri ndi yozizira, matenda a chiwawu anasakaza tomato kumpoto chakum'mawa kwa America. Awa ndi matenda omwe aja amene anawononga mbatatesi ku Ireland m'zaka za m'ma 1840. Mamembala a minda yambiri analandira tomato wochepa kapena sanalandire n'komwe. Chakumapeto kwa Ogasiti 2011 namondwe Irene anasefukiza mitsinje ku Vermont, New York ndi kumadzulo kwa Massachusetts, ndipo popeza mbewu zokhudzidwa ndi madzi osefukira siziloledwa kugulitsidwa ngati chakudya, minda ina inatseka nyengo yake isanathe. Mlimi wogulitsa pamsika akanasenza yekha zotayikazo. Pa CSA zinagawidwa pakati pa mabanja ambiri, ngakhale kuti si onse amene anakondwa nazo.

Palinso chosowa china chimene okonda ndondomekoyi sayenera kuchibisa. Kulipiriratu madola mazana angapo nthawi imodzi n'kotheka kwa banja lopeza bwino, osati kwa amene amadya za tsiku lomwelo. Minda ina imalola kulipira pang'onopang'ono, ina imaika mitengo yosiyana malinga ndi kapezedwe ka munthu, ndipo ina imalandira ntchito ya manja, monga kupalira ndi kukolola, m'malo mwa gawo la ndalamazo. Alimi enanso, poopa kuthamangitsa mamembala, amaika mtengo wosawerengera thukuta lawo lomwe.

Ku Indian Line Farm funso lovuta kwambiri linali la malo. Robyn Van En anamwalira mwadzidzidzi mu 1997 ndi matenda a mphumu, ndipo m'dera limene malo amakwera mtengo chifukwa cha anthu a m'mizinda ofuna kumanga nyumba zopumuliramo, mlimi wachinyamata sakanatha kugula mundawo ndi ndalama za ndiwo zamasamba. Mu 1999 anthu a m'deralo anasonkha ndalama ndipo bungwe la Community Land Trust in the Southern Berkshires linagula nthakayo. Bungwe la The Nature Conservancy, limene linkafuna kuteteza dambo loyandikana ndi mundawo, linalipira kuti pakhale lamulo loletsa kusandutsa malowo kukhala mapuloti. Alimi awiri achinyamata anagula nyumba ndi nkhokwe za pamalopo, ndipo nthaka anaipatsidwa pa lizi ya zaka 99, yokhala ndi lamulo loti ipitirize kulimidwa.