Amapanga magemu m'makina amene SMS imodzi singakwanemo

Ife tikamadandaula kuti foni yadzaza ndi mavidiyo a pa WhatsApp, kuli anthu ena amene amachita kusangalala malo akachepa. Akaweruka kuntchito amakhala pa kompyuta n'kumalemba magemu atsopano a Atari 2600, makina olumikiza ku TV amene anatuluka ku America mu 1977 n'kusiya kupangidwa mu 1992.

Tangomvani izi: RAM ya makinawa ndi ma byte 128 basi. SMS imodzi yodzaza imatenga ma byte 140, ndiye kuti singakwanemo. Gemu yonse, zithunzi, phokoso ndi malamulo ake omwe, imayenera kukwana mu 4 KB ya katiriji, pokhapokha wopangayo achite luso lina lowonjezera malo.

Mutu umakula apa: Atari ilibe posungira chithunzi chathunthu. TV yakale imajambula mzere umodziumodzi kuchokera pamwamba kutsika pansi, choncho pulogalamu imayenera kunena zojambula pa mzere uliwonse nthawi yomweyo. Purosesa yake, MOS 6507, imakhala ndi ma cycle 76 okha pa mzere umodzi. Ukangochedwa pang'ono, chithunzi chimapotoka.

Nanga amavutikiranji? Ed Fries, yemwe anali mkulu woona za magemu ku Microsoft, anatulutsa Halo 2600 mu 2010, yonse mu 4 KB. Mu 2013 gemuyo inalowa m'gulu la zinthu zosungidwa ku Smithsonian American Art Museum ku Washington. Nawo a Morphcat Games a ku Germany anatulutsa Micro Mages ya makina a NES mu 2019. Ndi 40 KB chabe, koma anthu anayi amasewera limodzi.

Phunziro lake likutikhudza. Amene wazolowera kuwerenga byte iliyonse saononga malo chisawawa, ndipo lusoli n'lofunika kuno kwathu komwe app imodzi imatha kumeza bandulo usanaitsegule n'komwe.

Kuti muyambe simufunika makina akalewo ayi. Pulogalamu ya Stella imasandutsa laputopu kukhala Atari, pomwe batari Basic imakulolani kulemba gemu musanadziwe chinenero chovuta cha assembly. Zonsezi n'zaulere. Yambani ndi kadontho kamodzi, mukayendetse kumanzere ndi kumanja. Kakayenda, mwayamba basi.