NDEKE ZA OLUMPHA NDI PARACHUTI: KODI YABWINO NDI ITI?

Nthawi yokolola ikafika, mlimi aliyense amadzifunsa kuti cimanga cake acituta ndi ciani. Wa matumba 10 amamanga ng'ombe pa ngolo, wa matumba 60 amafuna Canter, ndipo wa matumba 600 amaitana lole yaikulu. Palibe amene anganene kuti lole iposa ngolo nthawi zonse, cifukwa lole singalowe m'kanjira ka kudimba, ndipo ngolo singafike ku Lusaka.

Awerengi athu, funso longa lomweli lili ndi anthu ena amene katundu wao si matumba koma anthu amoyo. Tikunena eni makalabu a masewera olumpha kucokera m'ndeke ndi parachuti, cinsalu cija cimatambasuka ngati ambulela ndi kumutsitsa munthu pang'ono-pang'ono. Masewerawa ndi ofala ku America, ku Ulaya, ku New Zealand ndi ku South Africa, ndipo alendo amacitanso ku Swakopmund m'dziko la Namibia. Ana athu amene ali kunja pa sukulu kapena pa nchito amawaona, ndipo ena amalakalaka kuyesako. Tsono tiyeni tione ndeke zimene zimagwira nchitoyi, kusiyana kwao, ndi pamene pagona ngozi.

Kulumpha kunayamba ndeke isanapangidwe. Pa 22 Okutobala 1797 Mfalansa wina, André-Jacques Garnerin, anatsika ndi parachuti kucokera ku cibaluni mu mzinda wa Paris. Mu 1912 Albert Berry analumpha kucokera m'ndeke ku St. Louis, ku America. Masiku ano mlendo wosaphunzira amamangiriridwa ndi malamba kutsogolo kwa mphunzitsi, ndipo awiriwo amatsika ndi parachuti imodzi yaikulu. Akacoka pa mtunda wa mamita 4,000, amagwa pafupi-fupi mphindi imodzi pa liwiro la makilomita 200 pa ola, ndipo mphunzitsi amatsegula parachuti akafika pa mamita 1,500.

Nchito ya ndeke yotere ndi yosiyana ndi ya ndeke ya ulendo. Iyo sipita kutali. Imanyamuka yodzaza, imakwera mozungulira bwalo lomwelo, imatsegula citseko m'mwamba, anthu natuluka, ndipo imatsika yopanda kanthu kukatenga ena. Tsiku la Ciweru ingacite zimenezi kambiri-mbiri kucokera m'mawa kufikira dzuwa litalowa. Mipando amaicotsa, ndipo olumpha amakhala pansi kapena pa mabenci, atathithikana. Cotero mwini kalabu amayang'ana zinthu zinai: anthu angati alowamo, ikwera msanga bwanji, khomo lake ndi lalikulu bwanji, ndipo idya ndalama zingati.

Ngolo ya masewerawa ndi Cessna 182, imene inayamba kupangidwa ku America mu 1956. Ili ndi injini imodzi ya mapisitoni, yofanana m'kagwiridwe kake ndi ya galimoto, ndipo imanyamula olumpha 4 ndi woyendetsa. Citseko ca kudzanja lamanja amacikonza kuti cizitsegukira m'mwamba, kunsi kwa phiko. Wolumpha amaponda pa kacitsulo ka pamwamba pa gudumu, nagwira mcirikizo wa phiko, kenaka nkutaya manja. Ubwino wake ndi wakuti ndi yochipa kugula, amakanika ambiri amaidziwa, ndipo anthu 4 akapezeka ulendo wakwana. Kuipa kwake ndi kucedwa. Kuti ifike pa mamita 3,000 imatenga mphindi 20 kapena 30, ndipo makalabu ambiri amalekezera pamenepo, motero nthawi ya kugwa imafupika. Mkulu wake, Cessna 206, amanyamula 5 kapena 6, koma khalidwe lake ndi lomwelo.

Pano pali mfundo imene ife a kuno tiyenera kuimvetsa. Injini ya mapisitoni imafooka mpweya ukapepuka, ndipo mpweya umapepuka pa malo okwera ndi pa nthawi yotentha. Lusaka ali pa mtunda wopitirira mamita 1,200 kucokera pa nyanja yamcere. Ndeke yonyamuka pa malo otere masana a mu Okutobala imafuna bwalo lalitali ndipo imakwera mwaulesi kuposa inzake ya m'mbali mwa nyanja. Katundu amene ndeke inganyamule bwino m'mawa kozizira angakhale wolemera kwambiri dzuwa lili paliwombo.

Canter ya masewerawa ndi Cessna 208 Caravan, imene inauluka koyamba mu 1982. Ambiri a ife tinaionapo ikunyamula alendo opita kukaona nyama. Nayonso ili ndi injini imodzi, koma ya mtundu wina wochedwa turbine, yopangidwa ndi kampani ya Pratt & Whitney ku Canada. Injiniyi simwa petulo wa ndeke wochedwa avgas, amene ndi wodula ndiponso wosowa m'maiko ambiri a mu Africa. Imamwa Jet A-1, mafuta a mtundu wa palafini amene ndeke zikulu-zikulu zimagwiritsa nchito. Caravan yaitali imanyamula olumpha 15 kapena kuposerapo, imafika pa mamita 4,000 m'mphindi pafupi-fupi 20, ndipo ili ndi khomo lalikulu kumbuyo kudzanja lamanzere. Koma yatsopano mtengo wake ndi woposa madola 2 miliyoni. Kalabu ya anthu ocepa ikaigula ili ngati mlimi wa maekala awiri amene watenga thirakitala pa ngongole: cuma cili pakhomo, koma nyumba ikugona ndi njala.

Alimi angakondwe kumva mbiri ya PAC 750XL ya ku New Zealand. Makolo ake ndi ndeke za kumunda. Kwa zaka zambiri alimi a dzikolo akhala akuwaza feteleza pa mapiri odyetserapo nkhosa ndi ndeke zochedwa Fletcher ndi Cresco, zimene zimanyamuka ndi katundu wolemera pa kabwalo kakafupi ka udzu, nkubwerera msanga kukatenga wina. Anthu anaona kuti nchito ya olumpha ndi yomweyo: kukwera ndi katundu, kumutsitsa, ndi kubwerera. Cotero kampani ya Pacific Aerospace ya mu mzinda wa Hamilton inatenga mapiko ndi injini za Cresco nkuikapo thupi lalikulu, ndipo ndeke yatsopanoyo inauluka mu 2001. Imanyamula olumpha 17. Ndeke inanso yocokera kumunda ndi Antonov An-2 ya mapiko awiri osanjikizana, imene inapangidwa ku Soviet Union mu 1947 ndipo inagwira nchito yopopera mbeu. Ndi yolimba ngati ng'ombe yofula, koma imakwera mocedwa kwambiri. Ku Ulaya amakondanso Pilatus Porter ya ku Switzerland, ya mu 1959, imene imanyamula anthu ofika 10 ndipo imatsika mofulumira kotero kuti nthawi zina imatera olumpha ena akali m'mwamba.

Malole a masewerawa ndi ndeke za injini ziwiri. Yochuka kwambiri ndi Twin Otter ya ku Canada, imene inauluka koyamba mu 1965. Imanyamula olumpha 22, khomo lake ndi lalikulu, mcira wake uli pamwamba kutali ndi otuluka, ndipo imatha kuuluka pang'ono-pang'ono pa nthawi yotsitsa anthu. Magulu amene amagwirana manja m'mlengalenga amaikonda cifukwa ambiri angatuluke nthawi imodzi. Inzake ndi Short Skyvan ya ku Belfast, ya mu 1963, yooneka ngati bokosi la mapiko. Khomo lake lili kumatako, ndipo munthu amayenda ciriri nkungoponda pa mphepo monga wotsika pa khonde. Koma ili ndi phokoso logonthetsa m'kutu, ndipo popeza zinapangidwa pafupi-fupi 150 cabe, zotsala ndi zowerengeka. Palinso Beechcraft King Air, imene imakwera mofulumira kuposa zambiri mwa izi, koma khomo lake ndi laling'ono ndipo imafuna liwiro lalikulu potsitsa anthu, motero imafuna woyendetsa wozolowera. Gulu likakula koposa, ngakhale ndeke izi zimacepa. Mu Febuluwale 2006, pamene anthu 400 anagwirana m'mlengalenga ku Udon Thani m'dziko la Thailand, anakwera ndeke 5 za asilikali za mtundu wa C-130 Hercules.

Tsono wina angaganize kuti ndeke yaikulu ya injini ziwiri ndiyo yopanda ngozi, ndipo yaing'ono ndiyo yoopsa. Zimene zinacitika zikutiuza zina.

Pa 22 Epulo 1992, Twin Otter inanyamuka pa bwalo la Perris Valley ku California ndi anthu 22. Itangocoka pansi injini imodzi inafooka, cifukwa mafuta amene anathiramo anali oipa, osakanizika ndi madzi. Ofufuza anapeza kuti woyendetsa, m'cipwirikiti cimeneco, anaimitsa pulopela ya injini imene inali bwino. Anthu 16 anafa. Injini yaciwiri inalipo, koma sinawapulumutse. Mlimi amene anathirapo dizilo ya mu mgolo wolowa mvula amadziwa mmene injini imatsokomolera. Kusiyana kwake nkwakuti thirakitala imaima m'munda, pamene ndeke ilibe poima.

Pa 14 Julayi 2019, ndeke ya injini imodzi ya mtundu wa GA8 Airvan inagwa pafupi ndi mzinda wa Umeå ku Sweden, ndipo anthu onse 9 anafa. Ofufuza anapeza kuti inalemera kupyola muyeso ndiponso kulemerako kunali kumbuyo. Apa ndi pamene wa ngolo amvetsa msanga kuposa wophunzira. Mukaunjika matumba kumbuyo kwa ngolo, mtanda umanyamuka ndipo joko imakoka ng'ombe m'khosi. Ndeke nayonso, anthu akasunthira onse kukhomo la kumbuyo, mphuno yake imadzuka, liwiro limacepa, ndipo mapiko amaleka kuinyamula. Nkhani ya muyeso si ya pa sikelo pokha, koma ndi ya pamene aliyense wakhala. Ndiye cifukwa cake m'makalabu osamala muli mzere pansi umene anthu saloledwa kuupyola onse pamodzi, ndipo aliyense amamanga lamba ponyamuka kuti asakunkhunizikire kumbuyo.

Caka comweco, pa 21 Juni 2019, King Air inagwa itangonyamuka pa cisumbu ca Oahu ku Hawaii, ndipo anthu 11 anafa. Ofufuza anati woyendetsa anainyamula ndi kuikhotetsa mwamphamvu kuposa mmene ikanathera. Ku Belgium mu Okutobala 2013, Pilatus Porter inathyoka phiko pamene woyendetsa anayesa kuigubuduza m'mwamba, ndipo anthu 11 anafa. Ndeke zonsezi ndi za mitundu yodziwika bwino. Cimene cinalakwika ndi dzanja la munthu.

Koma tamvani za ku nyanja ya Taupo ku New Zealand. Pa 7 Januwale 2015, injini ya PAC 750XL inazima ndeke ikali kukwera, ndipo inali injini imodzi yokhayo. M'katimo munali alendo 6, aphunzitsi 6 ndi woyendetsa. Aphunzitsi anatuluka ndi alendo ao mwadongosolo, woyendetsa nayenso analumpha ndi parachuti yake, ndipo ndeke inagwera m'nyanja yopanda munthu. Onse 13 anapulumuka. Aliyense anali kudziwa cocita, ndipo anacicita.

Sitikufuna kuopseza munthu. Bungwe la olumpha la ku America linawerenga kulumpha kokwana 3.65 miliyoni mu 2023, ndipo amene anafa polumpha anali 10. Masewerawa si misala monga ambiri a ife timaganizira. Koma ngozi ya ndeke ikacitika imatenga anthu ambiri nthawi imodzi, ndipo kawiri-kawiri imacitika ponyamuka, pamene ndeke ili pafupi ndi nthaka ndipo parachuti ilibe mpata wotseguka.

Nanga yabwino ndi iti? Kwa kalabu yaing'ono ya kumapeto kwa sabata, Cessna 182 ikwanira. Kwa malo a alendo ambiri, Caravan kapena PAC 750XL ndiyo ibweza ndalama. Kwa magulu akulu-akulu a mpikisano, Twin Otter kapena Skyvan. Iliyonse ili ndi munda wake. Cimene tiyenera kukana ndi ndeke ya anthu 4 yonyamula 5, mafuta osayesedwa, ndi woyendetsa wofuna kuonetsa anthu luso lake.

Akulu-akulu anati safunsa anadya phula. Mwana wanu akakulemberani kuti afuna kukalumpha, musangomufunsa dzina la ndeke kapena kukongola kwa utoto wake. Muuzeni afunse kuti kalabuyo ili ndi cilolezo ca boma la dzikolo kapena iai. Aone ngati amayesa anthu pa sikelo asanakwere, ngati aliyense amuuza pokhala, ngati malamba alipo ndipo amangidwa, ndiponso ngati amaleka kuuluka mitambo ikatseka. Akaona kuti eni ake akuseka mafunso otere, abweze ndalama zake m'thumba.

Ndipo ife otsala pansi tisadziyese osakhudzidwa. Sabata ya mawa ena a ife tidzakwera pamwamba pa matumba a cimanga kupita ku msika, ena tidzathithikana m'Canter kupita ku maliro kapena ku msonkhano wa mpingo. Wolumpha ndi parachuti amakwera atayesedwa pa sikelo, atamanga lamba, ndiponso ali ndi parachuti yaciwiri pamsana. Ife timakwera opanda ciliconse ca izi, ndipo kondakitala akati malo akalipo, timasunthirana.