Kukwera Pansanja Mosamala

Songani ndi malo a malonda amene ali m'chigwa cha Domasi, m'boma la Zomba, pamseu waukulu wochokera ku Zomba kupita ku Liwonde. Munthu akaima pamsika wa Songani ndi kuyang'ana chakumadzulo, amaona mapiri aŵiri aakulu, la Zomba ndi la Malosa. Mtsinje wa Domasi umatsika pakati pa mapiri aŵiriŵa nukathira m'nyanja ya Chilwa.

M'mapirimo mumakhala anyani, apusi ndi nguluŵe. Chimanga chikayamba kukhwima, m'miyezi ya Febuluwale ndi Malichi, nyama zimenezi zimakonda kutsikira m'minda ya m'tsinde mwa phiri. Anyani ndi apusi amaba usana, koma nguluŵe zimafika usiku anthu ali m'tulo. Pa chifukwa ichi alimi kuyambira kale amamanga nsanja kumunda, pamene mlonda amakhala ndi kumaona munda wonse. Nsanja ya denga ena amaitcha dindiro, ena chilindo. Ina imaima pa mphanda zokumbira pansi, ina imamangidwa mumtengo pakati pa nthambi.

Alenje a kale nawonso ankamanga nsanja mumtengo, pafupi ndi njira ya nyama kapena pamene nyama zimamwera madzi. Mlenje ankakwera dzuŵa lili pafupi kuloŵa, ali ndi uta ndi mivi kapena mfuti ya gogodera, nadikira mwakachetechete. Kukhala pamwamba kunkamthandiza m'njira zitatu. Ankaona patali, fungo lake linkapita ndi mphepo pamwamba, nyama osalimva msanga, ndiponso nguluŵe yolasidwa, imene imalusa koopsa, sinkatha kumfikira.

Masiku ano kusaka kuli ndi malamulo. Lamulo losamalira nyama zakutchire limene Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa mu 1992, ndi kulikonzanso mu 2017, limaletsa munthu kusaka nyama zotetezedwa popanda chilolezo cha boma. Nkhalango ya m'mapiri a Zomba ndi Malosa ndi yotetezedwa, ndiponso nkhalango ya nyama ya Liwonde, imene idakhazikitsidwa mu 1973, saloledwa munthu kusakamo. Motero nsanja zimene inu mudzaziona kaŵirikaŵiri ndi za ulonda. Komabe malangizo a kakweredwe ndi amodzimodzi kwa mlonda ndi kwa mlenje.

Anthu ambiri akamaganiza za ngozi ya pansanja amaganiza za nyama yolusa. Koma ngozi yaikulu ndiyo kugwa. Ku America, kumene alenje ambiri amasaka agwape atakhala pamipando yomangirira mumtengo, madokotala adapeza kuti m'madera ambiri alenje ovulala chifukwa cha kugwa amachuluka kupambana ovulala ndi mfuti. Adapezanso kuti ambiri amagwa pokwera ndi potsika, makamaka pochoka pamakwerero kuti aponde pampando.

Taganizirani nsanja yotalika mamita 5, ndiye kuti ngati anthu aakulu atatu atasanjikizana. Munthu wogwa pamenepo amafika pansi pasekondi imodzi yokha, ali pa liŵiro la makilomita pafupifupi 36 pa ola. Liŵiro limeneli ndi lofanana ndi la njinga yotsetsereka phiri popanda mabuleki. Nthaŵi yoti agwire nthambi palibe. Akhoza kuthyoka mwendo, kusweka mutu, kapena kuthyoka fupa la msana ndi kulephera kuyenda moyo wake wonse. Tsono tiyenera kudziŵa njira zopeŵera kugwa.

Choyamba ndi kusankha mtengo wabwino. Mtengo ukhale wamoyo, woongoka ndi wa nthambi zazikulu. Nthambi youma imathyoka mosachenjeza. Mitengo ina, monga wa mapeyala, ili ndi nthambi zosachedwa kuthyoka ngakhale zili zaziŵisi, ndipo wa papaya ndiye suyenera kukweredwa nkomwe. Musanakwere yang'anani bwino m'masamba ndi m'mphako. Mukhoza kukhala njuchi, mavu kapena njoka monga nalikukuti, amene amaoneka ngati kamtengo kouma. Munthu wolumidwa ndi mavu ali m'mwamba amaiŵala kuti ali mumtengo, nataya manja.

Chachiŵiri ndi kuyesa nsanja ndi makwerero ake. Akuluakulu adati, “Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.” Mphanda ikhoza kuoneka yolimba kunja pamene chiswe chidaidya kale m'kati, makamaka m'tsinde pamene yakhudzana ndi dothi. Munthu wamkulu aigogode ndi mpini wa nkhwangwa. Ikalira ngati ng'oma, ndiye kuti ili ndi mphako, ndipo iyenera kuchotsedwa. Luzi nalonso limaola ndi mvula ndipo limaphwanyika ndi dzuŵa. Nsanja ya chaka chatha isakweredwe isanamangidwenso ndi luzi latsopano. Ndi bwinonso kumanga mitengo yopingasa m'mbali mwake, yofika m'chiuno, kuti munthu akatsetsereka imtchinge.

Chachitatu ndi kakweredwe. Munthu ali ndi manja aŵiri ndi mapazi aŵiri, zonse pamodzi zinayi. Pokwera asunthe chimodzi chokha, zitatu zili zogwira kapena zoponda. Akasuntha dzanja, mapazi onse aŵiri akhale ataponda ndipo dzanja linalo litagwiritsa. Akasuntha phazi, manja onse aŵiri akhale atagwira. Nkhope iyang'ane kumtengo pokwera ndi potsika pomwe. Mvula ikagwa makungwa amaterera, ndipo matope a kumapazi amawonjezera kuterera. Nsapato zapatapata zimavuka mosavuta, choncho ndi bwino kuzisiya pansi.

Chachinayi, m'manja musakhale kanthu. Chikwanje, mkondo, chitini choimba poingitsa anyani, kapena mbale ya chakudya, zonsezi zimangidwe kuchingwe ndi kusiyidwa pansi. Munthu akafika pamwamba ndi kukhazikika, ndiye akoke chingwecho. Potsika ayambe watsitsa katunduyo, chapambali pang'ono, kuti iye akaterereka asagwere pachikwanje chake chomwe. Mlenje wa chilolezo amachita chimodzimodzi ndi mfuti: amayamba wachotsamo zipolopolo, naikoka ndi chingwe kukamwa kwake kutaloza pansi.

Chachisanu ndi tulo. Mlonda wa usiku amalimbana ndi tulo kupambana nguluŵe. Munthu wosinza amapendekeka osadziŵa. Alenje a ku America amavala malamba olimba ogwira mapeŵa, chifuwa ndi ntchafu, amene amakoloŵekedwa kuchingwe chomangidwa kuthunthu la mtengo, kuyambira pochoka pansi kufikira potsika. Chingwe chomanga m'chiuno mokha ndi choopsa, pakuti munthu akagwa ndi kulendeŵera chimamfinya mimba nalephera kupuma. Kwathu kuno chothandiza kwambiri ndi nsanja yotchinga m'mbali, yosatalika kopitirira, ndiponso kulonda anthu aŵiri mosinthana. Munthu amene wamwa moŵa, wodwala malungo kapena wa chizungulire asakwere konse. Moto wa pansanja nawonso ndi woopsa, chifukwa denga la udzu limayaka msanga ndipo njira yothaŵira ndi imodzi yokha.

Chachisanu ndi chimodzi ndi mphezi. Nyengo yolonda chimanga ndi nyengo yomweyo ya mvula ya mabingu. Mphezi imakonda kugwa pa zinthu zazitali zimene zaima pazokha, monga mtengo wa pakati pa munda. Mukangomva bingu tsikani, ndipo musabisale patsinde pa mtengowo, koma pitani m'nyumba. Chimanga chodyedwa ndi anyani chimabzalidwanso chaka chinacho.

Pomaliza, munthu asapite kunsanja osatsazika. Anene kumene akupita ndi nthaŵi imene abwerere, kuti akachedwa abale adziŵe kokamfuna. Inu ana musakwere nsanja popanda chilolezo cha makolo, ndipo musapikisane kapena kukankhana muli pamwamba.

Nanga mnzanu akagwa mungachite chiyani? Musamdzutse, musamkoke mikono kapena miyendo, ndipo musambereke. Ngati fupa la msana kapena la khosi lathyoka, kumpinda kukhoza kuononga mitsempha ya m'kati, iye nkupuwala. Muuzeni agone chete, mmodzi akhale naye, wina athamange kukaitana akuluakulu. Musampatse madzi kapena chakudya. Ngati magazi akutuluka pabala, tsindikizanipo ndi nsalu yoyera. Akuluakulu amnyamule pachinthu chosapindika, monga chitseko, mutu ndi msana zili mzere umodzi, ndi kupita naye kuchipatala cha Domasi kapena kuchipatala chachikulu cha Zomba. Ngakhale wogwayo atadzuka yekha, ngati wamenyetsa mutu, akusanza kapena akuwodzera, ayenera kukaonedwa ndi dokotala tsiku lomwelo.

Nsanja ndi nzeru yabwino imene makolo athu adatisiyira, ndipo yapulumutsa chakudya cha mabanja ambiri. Koma imafuna munthu womvera malangizo. Paja mtsinje wa Tinkanena udathera mu Siizi.

Mafunso

1. Tchulani nyama zitatu zimene zimaononga chimanga m'tsinde mwa mapiri a Zomba ndi Malosa.
2. Chifukwa chiyani alenje a kale ankamanga nsanja mumtengo?
3. Kodi tingadziŵe bwanji kuti mphanda yadyedwa ndi chiswe?
4. Fotokozani m'mene munthu ayenera kusunthira manja ndi mapazi pokwera.
5. Kodi katundu ayenera kufika bwanji pamwamba pa nsanja?
6. Tchulani zinthu zitatu zimene simuyenera kuchita mnzanu akagwa mumtengo.
7. Mwambi wakuti “Mtsinje wa Tinkanena udathera mu Siizi” ukutanthauza chiyani?

Ntchito

Funsani agogo anu kapena munthu wina wamkulu wa m'mudzi mwanu maina a mitengo imene chiswe sichiidya msanga. Lembani mainawo m'kope ndipo mudzaŵerengere anzanu m'kalasi.