Nzeru za mwana siziyezedwa pa sikelo

Kuno ku Mulanje, mayi akapita ndi mwana kusikelo amauzidwa makilogalamu basi. Nanga nzeru zake? Ine ndimaona kuti mayeso ochokera kunja amawalakwira ana athu: mwana wa ku Muloza mungamufunse bwanji za zidole zimene sanazionepo?

N'chifukwa chake mu 2010 Melissa Gladstone ndi anzake anatulutsa MDAT, muyeso wopangidwira ana a m'Malawi osapitirira zaka 6. Uli ndi zoyesera 136 m'magawo anayi: kuyenda ndi kudumpha, kugwira tinthu ndi zala, kulankhula, komanso kukhala ndi anzake. Supereka malikisi ngati kusukulu ayi. Umangoonetsa mwana amene watsalira pa amsinkhu wake, mwina chifukwa cha malungo aakulu kapena kunyentchera, kuti athandizidwe msanga.