Chithokomiro Chikaoneka Kawiri M'banja Limodzi

Kutsogolo kwa khosi la munthu aliyense, m'munsi mwa kholingo, kuli kachiwalo kamene kamatulutsa timadzi towongolera kugunda kwa mtima ndi kutentha kwa thupi. Kachiwaloka kakatupa, timati munthuyo ali ndi chithokomiro.

Kawirikawiri kutupaku kumadza chifukwa chosowa ayodini m'zakudya. Anthu odyera mbale imodzi amasowanso zinthu zofanana, kotero mayi ndi mwana wake angathe kutupa khosi onse awiri. Mchere wothira ayodini umateteza vutoli. Koma alipo matenda ena a chithokomiro otsata mtundu, ndipo amenewa mchere sungawaletse.

Nthawi zina chitetezo cha m'thupi chimasokera ndi kuyamba kulimbana ndi kachiwalo kaja. Kakayamba kugwira ntchito mopitirira, munthu amaonda ngakhale akudya bwino, mtima umathamanga, manja amanjenjemera, ndipo ena maso amatong'oka. Nthendayi anaifotokoza ndi dokotala wa ku Dublin, Robert Graves, mu 1835. Kakafooka, munthu amangokhala wotopa, amamva kuzizira dzuwa likuswa mtengo, amadzimbidwa ndi kunenepa. Iyi ndi nthenda ya Hashimoto, imene inadziwika mu 1912. Nthenda ziwirizi zimakonda akazi, ndipo banja limodzi lingakhale nazo zonse: mayi iyi, mwana inayo.

Khansa ya chithokomiro siichuluka, ndipo ambiri oigwidwa alibe mbale amene anaidwalapo. Komabe ngati kholo lanu, mwana wanu kapena mbale wanu wa bere limodzi anapezeka nayo, inu muli pangozi yokulirapo kuposa anzanu. Pa mtundu wina wosowa wa khansayi, wodwala mmodzi mwa anayi alionse amachita kutengera kwa kholo. Nkhani yabwino ndi yakuti khansa ya chithokomiro ikapezeka msanga, ambiri amachira.

Chotupa cholimba chimene chikukula, mawu osasa kwa masabata angapo popanda chimfine, kuvutika pomeza, kapena mwanabere wosatha m'khosi, zonsezi n'zofunika kuzionetsa kuchipatala. Kutemera mphini kumangotayitsa nthawi. Matendawa sapatsirana, choncho palibe chifukwa chopatulira wodwala mbale kapena chikho.

Musanapite kuchipatala, funsani akuluakulu a kuchimuna ndi kuchikazi komwe: ndani anatupapo khosi, anali ndi zaka zingati, kodi anachitidwa opaleshoni? Zimenezi kauzeni adokotala ngakhale asanakufunseni, pakuti zidzawathandiza kuona ngati kuli koyenera kukutumizani kuchipatala chachikulu kukayezetsa magazi ndi kuunika khosi.